Kompyuta Inkafunsa Chifukwa

Ntchito ya pa ofesi ya mbewu ija ndinaiyamba ndi tsache. Ndinkasesa, kuphika tiyi, kupukuta dothi la mbatata pamawindo, basi. Inali ofesi yaing'ono ya bungwe lina lomwe linkagawa mbewu ya mbatata ya kachewere ku makalabu a alimi kumtunda kwathu kuno, ulendo wa njinga kuchokera pa Chimbiya. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, koma kutaipa ndinkakudziwa, ndinaphunzira kwa masisitere ku Bembeke ndisanakwatiwe. Ndiye kalaliki wathu atapita kwawo osabwereranso, abwana oyang'anira ofesi, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anangondilozera mpando.

"Mayi, zala muli nazo. Khalani apo."

Mpandowo unali patsogolo pa kompyuta. Ndinakhalapo mwana wanga woyamba ali kumbuyo, kamtsikana koyamwa, kosadziwa n'kukhala komwe.

Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, ngakhale ife sitinkadziwa kuti n'zomaliza. Chomwe tinkadziwa n'choti anthu akutengedwa chifukwa cha mapepala. Pepala likapezeka pamsewu, apolisi ankafufuza makina amene alisindikiza, akapeza makina ankafuna zala. Kufupi ndi kwathu mphunzitsi wina wamkazi anabwera kudzamutenga masana dzuwa likuswa mtengo, mwana wake woyamwa anatsala ndi mng'ono wake. Mwanayo ndinamuona ndi maso angawa akukana phala, akulira mpaka mawu kutha. Chiyambire tsiku limenelo ndikamva galimoto yachilendo ndinkayamba ndagwira mfundo ya chitenje pachifuwa. Mantha anga anali amodzi okha, kuti adzanditenga wangayu n'kutsala.

Mu kompyutamo munali pulogalamu yowerengera mbewu. Ukaiuza kukula kwa minda ya kalabu, yokha inkanena matumba oyenera kupita kumeneko, pulinta n'kutulutsa pepala. Anailemba anali mnyamata wa ku Lilongwe, wophunzira za makinawa ku koleji, wamtali, wovala jekete yopyapyala yosayenera kuzizira kwathu kuno. Ndinkawatchula kuti achimwene. Ankabwera mwa apo ndi apo, kutsika basi pa Chimbiya n'kukwera lole yathu. Masiku ena onse, akafuna kusintha china mu pulogalamuyo, ankalemba papepala n'kupatsira adalaivala, ine n'kutaipa mizereyo mkatimo, chilembo ndi chilembo, Chingerezi chodzaza timadontho ndi timikombero chimene sindinkachimva n'pang'ono pomwe.

Vuto linali lakuti pulogalamu ukaisintha, yakale ija yapita. Ukalakwitsa, pobwerera palibe. Ndiye poyamba achimwene anandiphunzitsa njira ya madisiketi. Ndisanasinthe kanthu ndinkakopera pulogalamu yonse pa disiketi, kulemba tsiku pakapepala kake, n'kuiponya m'chitini cha mabisiketi. Njira imeneyi ndinkaikonda. Inali ya manja, yooneka, ndipo pa disiketi panalibe dzina la munthu. Koma kwathu kuno n'kwachinyezi. Disiketi ina inachita chuku n'kukana kutseguka. Ena awiri anapezeka ndi tsiku limodzi, chifukwa tsikulo ndinasintha kawiri, ndipo yoyamba ndi iti, yachiwiri ndi iti, ngakhale ine mwiniwake sindinadziwe.

Ulendo wotsatira achimwene anabwera akumwetulira, disiketi yatsopano ili m'thumba la malaya.

"Achemwali, ndakubweretserani wantchito. Chitini chija chipume."

Kanali kapulogalamu kena, dzina lake zilembo zitatu za Chingerezi zomwe zinandithawa kalekale. Ntchito yake inali yosunga pulogalamu yathu ndi kusintha kwake konse, kuyambira koyamba, chilichonse ndi nambala yake. Anandionetsa pang'onopang'ono. Ukafuna kusintha, uyambe wauza kapulogalamuko kuti kakutulutsire. Ukamaliza, ubweze. Pobwezapo kamafunsa funso limodzi, ndipo uyankhe ndi mzere umodzi kapena iwiri.

"Kakufunsa chiyani?"

"Chifukwa. Mwasinthiranji. Mungolemba m'Chichewa momwemu, monga kuti ndawonjezera makalabu a kutsidya, kapena ndakonza zimene achimwene analakwitsa. Tsiku lina zikadzavuta ndidzangowerenga mizere imeneyi, n'kudziwa pobwerera."

Kenako anadina batani kuti ndione mmene kamasungira. Pagalasipo panatuluka nambala, tsiku, ola, ndi dzina langa. Dzina langa lenileni, limene anandipatsa bambo anga, litaima pamenepo m'zilembo zobiriwira.

"Dzinalo kalitenga kuti?"

"Ndakauza ndine. Kamalemba kokha nthawi iliyonse, musavutike."

Musavutike. Maso anga sanachoke pa dzinalo. Iwo sanaone kanthu, anali kalikiliki kusewera ndi phazi la mwana lomwe linatulukira m'chitenje.

"Yeserani njira zonse ziwiri," anatero ponyamuka. "Ine sindikhala kuno, wogwira ntchitoyi ndinu. Ndikadzabwera mudzandiuze imene mwasankha."

Bambo a mwana wanga ankagulitsa mbatata pamsewu pa Chimbiya, ndipo nkhani zonse za m'dziko zinkawapeza kudzera pamawindo a mabasi. Nditawafotokozera, anasiya kumanga thumba n'kundiyang'ana.

"Kakufunsa chifukwa? Iwe, m'dziko muno wofunsa munthu dzina, tsiku ndi chifukwa ndani?"

Tonse tinkamudziwa.

"Nanga mnyamatayo wamutuma ndani? Munthu wophunzira chotero, wa ku tauni, n'kumadzazizidwa kuno chifukwa cha kachewere? Ukayenda siya phazi, mayi, ukasiya mlomo umakutsata. Ndiye iwe ukufuna kusiya mlomo m'makina."

Ndinati ndingosiya ntchitoyo. Anati ayi, kusiya mwadzidzidzi nakonso kumafunsitsa, taona a kalaliki aja anthu akuwanenera zotani.

Achimwene atabweranso anandifunsa pamaso pa abwana. Mtima wanga wonse unali m'chitini cha mabisiketi. Koma ndinaganiza kuti ndikakana kofunsa chifukwa kaja, ndiye kuti ndavomera kuti ndili ndi chobisa.

"Chimene inu mwachiona kuti n'chabwino," ndinatero, maso ali pansi.

"Ayi, achemwali, zimenezo n'za kwa apongozi. Sankhani."

"Katsopanoka."

Anaomba m'manja ngati mwana. Anatuma adalaivala kukagula mandasi, tinamwera tiyi tonse. Kusangalala kwawoko kunandiopsa kuposa china chilichonse. Tsiku lomwelo anatambasula manja kuti anyamule mwana, ine n'kunena kuti ali ndi chimfine. Analibe. Kuyambira pamenepo nthawi zonse akapempha, mwanayo ankakhala ndi chimfine, kapena wangogona kumene, kapena wanyowetsa thewera.

Ntchitoyo ndinaiphunzira, ndisaname. Kutulutsa, kusintha, kubweza, zala zinazolowera msanga. Ndipo m'kati mwa mtima ndinkaona kuti kanthuka n'kanzeru, kopanda chuku, kosasokoneza masiku. Koma funso lija likatuluka, kamzere kakuthwanimathwanima kudikira yankho, ndinkaona ngati pali munthu wavala magalasi akuda wakhala kuseri kwa galasilo. Tsiku loyamba ndinakhala nthawi yaitali manja ali pamiyendo. Kenako ndinaganiza kuti ngati pali wodzawerenga, awerenge zoti zimuziziritse mtima. Ndinalemba kuti, Ndine mayi womvera, khadi la chipani ndili nalo.

Kapulogalamuko kanalandira, sikanadandaule. Mtima unakhala pansi.

Ndiye ndinapitiriza. Ulendo wina ndinalemba kuti boma lathu likutisamala bwino ife amayi. Ulendo wina, kuti kuno kulibe wosokoneza, tonse tili pambuyo pa atsogoleri athu. Anyamata a chipani atandiimitsa pamsika n'kundigulitsa khadi la mwana, m'mawa mwake ndinakauzanso kuti ngakhale mwana wanga khadi ali nalo. Mawu akandithera ndinkabwereza akale. Miyezi inapita choncho. Achimwene akabwera ankafunsa kuti zikuyenda, ine n'kuti zikuyenda, iwo osayang'ana, poti panalibe chovuta.

Chovuta chinabwera nyengo yozizira ikuyamba, pa tsiku logawa mbewu ya kudimba. Kunali chifunga ndi mawawa. Alimi a makalabu a kutsidya la mtsinje anafika ndi ngolo zawo, ng'ombe zikutuluka nthunzi m'mphuno, ndipo pepala limene pulinta inatulutsa linati iwo salandira kanthu. Makalabu a tsidya lino zonse zinali bwino, koma a kutsidya, ziro yekhayekha. Mwamwayi achimwene analipo, anabwera dzulo lake. Abwana anatuluka kukapepesa anthu, n'kubwerera nkhope itagwa.

"Dizilo wa jenereta satifikitsa madzulo," anatero. "Anthuwo achokera kutali."

"Musadandaule, bwana," anatero achimwene akukoka mpando. "Za lero ndi zimene tinakabweretsera kanthuka. Tingoona tsiku limene tinakhudza za kutsidya, tibwerere pamenepo. Tiyi asanazizire tikhala titamaliza."

Ine ndinaima kumbuyo kwawo, mwana ali kumsana. Adalaivala analowanso kudzaona, atatsamira chitseko. Ndinkadziwa chimene chikubwera. Achimwene anadina, mizere yonse inatsika pagalasi, dzina langa, dzina langa, dzina langa, ndipo iwo anayamba kuwerenga mokweza asanaone n'komwe chimene akuwerenga.

"Ndine mayi womvera, khadi la chipani ndili…"

Analekeza. Anatsitsa mzere wina. "Boma lathu likutisamala bwino…" Anatsitsanso, mawu akuchepa. "Ngakhale mwana wanga khadi ali nalo."

Adalaivala anaphulika kuseka, kamodzi kokha, kenako anakumbukira chimene akuseka n'kukusandutsa chifuwa. Anatsokomola, natsokomolanso, n'kutuluka panja. Abwana anayang'ana kudenga. Palibe akanatha kuseka mawu amenewo, palibenso akanatha kunena kuti ndalakwa kuwalemba. Ndiye tonse tinangoti zii, jenereta yokha ikulira kuseri, ndipo chete ameneyo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Mwana anayamba kudandaula kumsana, mkaka n'kutuluka wokha, kunyowetsa bulauzi mbali zonse ziwiri, ine n'kupinda manja pachifuwa ngati ndazizidwa.

"Zonsezi zili chonchi?" anafunsa achimwene motsitsa, osatembenuka.

"Zonse."

"Chabwino. Khalani apa, mundithandize."

Popeza mizere yanga sinkanena kanthu, tinayenera kutsegula kusintha kulikonse pakokha. Iwo ankauza kapulogalamuko kuti kaonetse chimene chasiyana pakati pa nambala iyi ndi yapambuyo pake, ine n'kufufuza pepala lawo la tsikulo m'kabati, tifananitse. China n'china, kubwerera m'mbuyo. Tiyi anazizira, wina anaphikidwa ndi abwana okha, nayenso anazizira. Pawindo ndinkaona alimi atakhala pansi pa ngolo, atafunda masaka, amayi ena ali ndi ana kumbuyo ngati ine. Mmodzi anasuzumira n'kufunsa mwaulemu ngati makina adwala. Nthawi iliyonse tikatsegula nambala ina, pamwamba pake pankayamba patuluka kumvera kwanga, ndipo achimwene ankakudumpha ndi maso ngati munthu wodumpha ndowe panjira.

Dzuwa litapendeka tinachipeza. Tsiku lina potaipa ndinadumpha mzere umodzi wa pepala lawo, mzere wonena za minda ya kutsidya. Mwina mwana analira, kaya. Achimwene anauza kapulogalamuko kuti katulutse ya dzulo lake la tsikulo, inatuluka yathunthu ngati yangolembedwa kumene, anatengamo chosowacho n'kuchibwezera. Pulinta inalira, matumba a kutsidya anaoneka. Za mzere wodumphidwawo sanandinene n'komwe. Anati zimenezo amachita aliyense, iwonso amachita.

Ngolo zitayamba kupakira, ndinapita kuseri kwa shedi ya mbewu kukayamwitsa. Achimwene anandipeza komweko. Anaima patali pang'ono, manja m'matumba a jekete ija, akuyang'ana kumapiri.

"Achemwali, zija munkalembera ndani?"

"Amene adzawerenge."

"Wowerenga ndine ndekha. Ndinakuuzani."

"Eya. Munandiuza."

Anamva. Ndinaona mapewa awo akutsika. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ndiye chimfine cha mwanayu n'chimenechi."

Ndinayang'ana pamutu pa mwana.

"Akulu anga anali mphunzitsi," anatero, mawu ali pansipansi moti ndinachita kutchera khutu. "Anabwera kudzawatenga m'kalasi, choko chili m'manja. Mayi anga mpaka lero amawasungira mbale. Ntchito za m'boma ine sindingalembedwe, dzina lathu likangooneka pepala limabwerera. N'chifukwa chake ndimadzazizidwa kuno ndi kachewere wanuyu."

Mawu omwewo, a bambo a mwana wanga, ngati anali nafe pamsewu tsiku lija. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Munthu ndinkamuphikira tiyi, ndinkamutchula achimwene, ndipo miyezi yonseyo ndinkamuonetsa khadi ngati mmene ndinkaonetsera anyamata a pamsika. Kupepesa ndinayesa, koma chinatuluka n'chakuti, "Ndimaopa mwanayu."

"Ndikudziwa. Nanenso ndinalakwa, dzina lija sindikanaliika osakufunsani. Ndinazolowera za kusukulu." Anapukuta mphuno, kuzizira kunali kutawalowa. "Tiyeni tichite chonchi. Mukafuna, tibwerere ku chitini, sindidzakufunsani chifukwa. Mukafuna kanthuka, ndichotsa dzina lanu, kazilemba kuti ofesi. Koma ulendo uno musankhe ndinu, osati mantha, osatinso ulemu."

Ndinaganiza za chitini, mmene chinalili chosalankhula. Ndinaganizanso za mzere uja, kuti chikhala chitini, bwenzi tikutsegula madisiketi a chuku mpaka anthu aja kubwerera ndi ngolo zopanda kanthu. Mantha sanachoke, ndisanamize munthu. Galimoto yachilendo ikanalira nthawi imeneyo ndikanathawira m'chimanga. Koma amene ndinkamuopa kuseri kwa galasi uja anali ataima patsogolo panga, akunjenjemera m'jekete yopyapyala.

"Kanthuka kakhale," ndinatero. "Dzina lichoke. Koma zimene ndinalemba zija mufufute."

"Zimenezo ayi. Ntchito yake ndi kusaiwala, tikayamba kukaphunzitsa kufufuta ndiye kasanduka chitini." Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona. "Komanso zisiyeni. Akadzabwera ofufuza enieniwo, ofesi yomvera kuposa ino sadzaipeza m'dziko muno."

Ndinaseka, misozi ili m'maso, dzanja lili pakamwa.

Enieniwo sanabwere. Palibe anandifunsapo za kompyuta ija, ngakhale mmodzi, mpaka zinthu zinasintha m'dziko. Mwana uja ndinamuyamwitsa mpaka anasiya yekha, lero ali ndi ake. Mizere yanga yonse ija anaiwerenga munthu mmodzi basi, yemwe mawu oterowo sankamuyenera, ndipo ndikaikumbukira ngakhale pano ndimasiya chimene ndikuchita n'kuyang'ana pansi. Adalaivala aja sanandileke. Zaka zambiri pambuyo pake, tikakumana pa Chimbiya, ankandipatsa moni kuti, "Muli bwanji mayi womvera?"

Koma tsikulo ntchito inali isanathe. Pulogalamu yokonzedwa ija inali isanabwezedwe, ndipo jenereta inali itayamba kutsokomola. Tinalowa, achimwene anasintha dzina lija, n'kundisiyira mpando.

"Bwezani ndinu. Fulumirani, dizilo akutha."

Mwana anali m'manja, wosagona, ndipo kumubereka kukanatenga nthawi. Ndinatembenuka n'kuwapatsira. Anamulandira molakwika, ngati anyamula thumba la feteleza lobooka, ndinachita kuwakonzera dzanja kuti ligwire mutu. Mwanayo anawayang'ana, n'kugwira kolala ya jekete n'kuyamba kuiyamwa.

"Chimfine chatha?" anafunsa.

Funso lija linali litatuluka kale pagalasi, kamzere kakuthwanima. Ndinalakwitsa kawiri n'kufufuta. Ndinalemba kuti, Tabwezera mzere wa minda ya kutsidya umene unadumphidwa potaipa.

Anawerama n'kuwerenga, mwana akuwakoka khutu.

"Basi," anatero. "Dinani."